Sajeni ndi Kopolo, Ng'ombe za Amalume

Mpandowo unali wa ndalema, wa matabwa a mlombwa, pokhalira pake chikopa cha mbuzi yamawangamawanga. Unkanunkha utsi ndi mafuta a nsatsi. Amayi anaupangitsa kwa mmisiri wa ku Katete atangomva kuti mlongo wawo, amalume anga, asiya usilikali ndipo akubwera kumudzi. Wousenza pamutu kuchokera kumsewu waukulu ndinali ine. M'mudzi mwathu, kuseri kwa Mkaika, munalibe mpando wina wopindika. Anthu ankakhala pa zitsa, pa mitondo yogoneka ndi pa mphasa. Tsono ine ndinayenda nawo pang'onopang'ono, kudzera njira yaitali ya kuchitsime, kuti aliyense auone.

Nthawi imeneyo ndinali mu Giledi Fili, ndipo sukulu yanga inathera pompo. Zolembazi ndimachita kukwawa nazo, koma mawu ndili nawo. Funsani aliyense pamsika wa Katete. Ndikaitana munthu ali kutsidya kwa msewu, amacheuka ndi amene sindinawaitane omwe. Mawu amenewa anayamba kugwira ntchito chaka chimenecho.

Amalume anafika nyengo yozizira, chimanga chili kale m'nkhokwe. Anali atakhala zaka zambiri kumalire a Mozambique, nthawi imene nkhondo ya Apwitikizi inkatayikira mbali yathu ino. Ine ndinkayembekezera chimunthu chachitali, cha mendulo pachifuwa. Anatsika basi munthu wowonda, wamaso ofiira, ali ndi thiranki yachitsulo yobiriwira. Anandigwira pamutu nati, "Wakula, mphwanga." Tsiku lonse sanalankhulenso china chopitirira pamenepo.

Tinawalandira monga timalandirira mlendo wolemekezeka, ndipo apa ndi pamene tinalakwa tonse, mudzi wonse. Tinawakhazika pampando uja pakhonde. Lero nkhuku ya uyu, mawa thobwa la uje. Akati agwire nkhwangwa, wina ankathamanga kudzawalanda: "Pumulani, mwatigwirira kale ntchito." Akati atunge madzi osamba, amayi ankandikalipira ine kuti ndawasiya bwanji. Munthu amene kwa zaka zonsezo ankadzutsidwa ndi lipenga, kuuzidwa pokaima ndi pokagona, tinamusiya ndi manja awiri opanda chogwira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ife tinkati ndi ulemu.

Ankakhala msana utatsamira khoma, maso kunjira. Munthu akadzera kumbuyo kwa nyumba mwakachetechete, mapewa awo ankadumpha. Thiranki sanaimasule. Ankangotulutsamo malaya, kuchapa, n'kubwezeramo. Ndipo tsiku lina, amayi akupeta mphale, anawauza mosakweza mawu kuti kumudzi kuno sakuonako malo awo, mvula yoyamba ikangogwa akwera basi ya ku Lusaka kukafuna ntchito yaulonda.

Lichero linaima m'manja mwa amayi. Ine ndikudziwa chimene anaganiza, chifukwa m'nyumba mwathu tinali nalo kale bala lotero. Abambo anga anakwera basi yomweyo kupita kumigodi ndili wakhanda, ndipo sanabwerenso. Amayi ankadziwa kuti mwamuna wosadwala amatha kusowa m'tauni. Nanga uyu, wodzidzimuka ndi nkhuku yodutsa? Akanapita, sitikanamuonanso. Kuyambira tsiku limenelo amayi ankayang'ana kumwamba ngati munthu amene ali ndi mlandu ndi mitambo.

Kenaka kunachitika za chikwapu. Achinyamata a masiku ano, amene mumalimitsa ndi thirakitala ya hayala, mwina simuchidziwa. Si kamtengo ayi. Ndi chingwe chachitali cha chikopa chopota, kunsonga kwake kaluzi, ndipo wodziwa akachiponya m'mwamba chimalira ngati mfuti. Masana ena mkulu wina woyandikana nafe ankadutsa ndi ngolo yodzaza njerwa. Ng'ombe zake zitazengereza pachitunda, anachiliza. Ine ndinangozindikira ndili pansi pa nkhokwe, pakamwa podzaza fumbi ndi zitosi za nkhuku, amalume atandiphimba ndi thupi lawo lonse. Mtima wawo unkagunda pamsana panga ngati mtondo wa anthu awiri. Dzanja lawo linali pakamwa panga, lozizira, lonunkha fodya.

Ana anzanga anaseka mpaka kugwa. Ine ndinatuluka ndikudzikuntha, n'kuwauza kuti amenewo ndiwo maphunziro a usilikali, amalume asankha ine ndekha kuti andiphunzitse. Ndinkakhulupiriradi zimenezo. Mmodzi amene anapitiriza kuseka ndinamuthyola dzino, ndipo mpaka lero akamwetulira pamaliro mpata umaonekabe.

Akuluakulu sanaseke. Kuchitsime kunayamba manong'onong'o. Ena ankati mutu unasokonekera, ena ankati pali mizimu ya anthu amene anafera kumalire, afunika kusambitsidwa mankhwala. Ena anabwera ndi kachasu m'botolo kuti aiwale. Botololo amayi analibweza lili lodzaza, ndi mawu amene sindingawalembe pano.

M'mawa mwake mpando unasowa pakhonde. Amayi anati aphunzitsi aubwereka, msana ukuwavuta. Aphunzitsi amenewo anali mnyamata wathanzi, wosewera mpira, koma mpando anaulandira osafunsa. Amalume atatuluka n'kupeza pakhonde pali mbee, amayi anawapatsa chingwe m'manja. Mawu awo ndimawakumbukira bwino chifukwa ndinali ndisanawamvepo akulankhula choncho kwa mlongo wawo.

"Achimwene, ulendo watha. Inu si mlendo, ndinu mwini mbumba. M'kholamo muli ng'ombe ziwiri zosadziwa goli. Chaka chino sindibwereka za munthu."

M'khola mwathu munalidi ng'ombe ziwiri zofulidwa, zazing'ono, zimene agogo aamuna anasiya. Ina yofiira, ya nyanga zoyang'ana kutsogolo, yaukali. Ina yakuda, yonenepa, yaulesi. Palibe anali ataziyikapo chingwe. Zaka zonse munda wathu ankatilimira mkulu wa ngolo uja akamaliza wake, ndipo chaka chimenechonso anali atalonjeza. Amayi anapita kukamukana. Ine ndinaona ngati ndi kunyada chabe, ndipo ndinakondwa, chifukwa kunyada n'kwa m'magazi mwathu.

Amalume anayang'ana chingwecho. Anati mvula ikagwa iwo apitabe. Amayi anati apite, koma asiye ng'ombe zodziwa kulima, chifukwa mwana uyu sangadye ulonda wa ku Lusaka.

Amalume anaika lamulo limodzi lokha: chikwapu ayi. Anthu atamva anagwira pakamwa. Kwathu kuphunzitsa ng'ombe kunali kumenya basi. Mumaimanga pamtengo, mumaikwapula mpaka igonje, ikagona pansi mumaipotokola mchira. Amuna ankabwera kudzatsamira pakhola kuti aone msilikali akunyengerera ng'ombe ngati mkazi wokwiya.

Poyamba amalume sanachite chilichonse chooneka. Ankalowa m'khola kum'mawa, mchere uli m'dzanja, n'kungoima. Mcherewo ankawapatsa wasitolo wina Msilamu wa ku Katete, wobadwira ku Malawi, amene anati nayenso bambo ake anabwerako kunkhondo ya azungu ali chete chomwecho. Yakuda ndiyo inayamba kubwera, lilime lake lokhakhala ngati tupa. Yofiira inatenga nthawi. Itabwera, amalume anaikanda kuseri kwa khutu n'kuitcha Sajeni. Yakuda inakhala Kopolo. Anati zaka zonse sajeni ankawalamula, tsopano nthawi yakwana yoti sajeni amve za iwo. Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono, ngati kumwetulira kumene kwaiwala njira.

Goli anasema okha, la mtengo wouma, kulipala ndi chigalasi cha botolo mpaka linasalala ngati mwendo wa mwana. Anati chinthu chokhala pakhosi pa mnzako chisamalume. Tinayamba kuzikoketsa chipika kuzungulira mudzi. Apa ndi pamene panapezeka vuto. Ng'ombe imafuna mawu amphamvu, koma amalume akati akuwe, mawu ankawakanira pakhosi. Ankatsegula pakamwa, thukuta n'kutuluka, osamveka kanthu. Anandiyang'ana nati, "Iwe uli ndi phokoso lopanda ntchito. Bwera kuno."

Ndiye tinagawana. Iwo ankayenda pambali pa ng'ombe, dzanja pamsana pa Sajeni, n'kunong'ona lamulo. Ine kutsogolo, chingwe m'manja, ndinkalikuwa kuti limveke mpaka kuphiri. Malamulo ake anali a perete. Kumanzere kunali "lefuti", kumanja "laiti", kuima "holoti", kutembenuka kumapeto kwa mzere "abautani". Sindinkadziwa kuti ndi Chingerezi. Ndinkayesa ndi chilankhulo cha ng'ombe chimene asilikali okha amachidziwa. Amayi a m'mudzi ankasiya kusinja kuti ationere, ndipo tiana ting'onoting'ono tinkaguba kumbuyo kwa chipika, mimba patsogolo, mapesi paphewa.

Musaganize kuti zinkayenda bwino tsiku lililonse. M'mwezi wotentha uja, nyenje zikulira mpaka m'makutu kuwawa, mavu anamuluma Kopolo pansi pa mchira. Waulesi uja anauluka. Anamukoka Sajeni, chipika chikudumpha kumbuyo, ine ndikulendewera pachingwe ndikukuwa "holoti" mpaka mawu kusasa. Tinadutsa pathandala la ufa wa eni ake, tinagwetsa mpanda wa bafa muli munthu, n'kukalowa pabwalo la sukulu ana ali pamzere akuimba. Mzere unamwazika ngati anapiye. Ng'ombe zinakaima zokha pansi pa mtengo wa mango, pamaso penipeni pa aphunzitsi, amene anali atakwera pampando uja, buku lili m'manja.

Amalume anafika akuthamanga. Anayang'ana ine, woyera ndi ufa kuyambira kumutu. Anayang'ana aphunzitsi ali pamwamba pa mpando wawo. Aphunzitsi anati, "Bambo, asilikali anuwa sanalembetse sukulu." Pamenepo amalume anaseka. Kunali kuseka koipa, kokhosomola, ngati pampu ya mjigo imene yakhala nthawi osatunga. Anagwira mawondo, misozi ikutsika. Amayi anamva ali kunyumba, ndipo akuti anakhala pansi pomwe anali. Madzulo anapita kukapepesa kwa mwini ufa ndi kwa mwini bafa, koma nkhope yawo sinali ya munthu wopepesa.

Kuchokera tsiku limenelo aphunzitsi anayamba kubwera kwathu akaweruka, kudzasewera nsolo ndi amalume pansi pa mtengo. Sankafunsa za nkhondo. Ena onse ankafunsa kuti munapha angati, mfuti imalemera bwanji. Iwo ankangoponya miyala m'maenje, n'kumadandaula za nsikidzi za m'nyumba ya sukulu. Pakapita nthawi amalume ankayamba okha kulankhula, motsitsa, ndipo ine ankandituma kukamwetsa ng'ombe ngakhale zitamwa kale. Za ine aphunzitsi anagwirizana ndi amayi kuti ndizifika mochedwa mpaka kulima kuthe. Kunena zoona, m'kalasi munkakhala bata ine kulibe.

Ng'ombe nazo zinkamva zambiri. Tsiku lina ndikubwera ndi madeya ndinawapeza amalume atatsamira pakhosi pa Sajeni, akumuuza za mnzawo wina wa ku Sinda amene ankayenda patsogolo pawo panjira ya m'tchire, n'kuponda pamene panakwiriridwa chinthu. Ankati, "Inali nthawi yanga yotsogola, iye anati ndipumule." Sajeni ankangobzikula. Ine ndinaganiza kuti akuiphunzitsa kuyang'ana poponda.

Lero ndili ndi mdzukulu amene anavala yunifomu ya usilikali, ndipo ndinawauza kale amake kuti tsiku limene adzabwere, nkhuku imodzi yokha, mawa lake apatsidwe chogwira ndi munthu womumvera. Ndimamva kuti masiku ano kuchipatala kuli anthu amene anaphunzira ntchito yomvetsera za mumtima. Zimenezo n'zabwino, ndipo mwamuna asachite nazo manyazi. Ndikunena ine, amene sindinagonjepo kwa munthu. Ife tinalibe otero. Tinali ndi mphunzitsi wa nsolo ndi ng'ombe yofiira.

Mvula yoyamba inabwera masana, kuchokera mbali ya Vubwi, yakuda bii. Mphepo inanyamula mapesi, fungo la dothi lonyowa linafika mvula isanafike. Kenaka bingu linang'amba kumwamba. Ndinayang'ana pansi pa nkhokwe, kunalibe munthu. Amayi anandikankha kuti ndipite kukhola, ndikangoima pafupi, ndisalankhule. Kwa ine limenelo linali lamulo lovuta kuposa onse. Ndinawapeza amalume atagwada m'matope pakati pa ng'ombe ziwiri, manja atakumbatira khosi la Kopolo, akunjenjemera thupi lonse. Ng'ombezo sizinasunthe. Nthunzi inkatuluka pamisana pazo. Tinakhala choncho mpaka bingu linapita kutali, ndipo amalume anadzuka, nandiuza kuti ankaziteteza kuti zisaope.

Kutacha, thiranki inali pakhomo, yomangidwa ndi chingwe. Inswa zinali mbwee pabwalo, nkhuku zikuthamangitsana nazo. Amayi anaidutsa thirankiyo ngati sakuiona, mbewu ya chimanga ili m'nsengwa. Anati basi imadutsa tsiku lililonse, koma chinyezi sichidikira munthu. Amalume anali atavala kale nsapato za ulendo. Kenaka anati angoyesa mzere umodzi, aone ngati ntchito yawo yagwira.

Minda ya mudzi wathu inali yogundana, kutsetsereka mpaka kudambo. Tsiku loyamba kulima, chaka chilichonse, kumeneko kunkamveka ngati nkhondo. Zikwapu mbali zonse, anyamata kupikisana kuti cha ndani chilira kwambiri. Amalume ankadziwa zimenezo, anakulira momwemo. Pamene tinkayandikira, manja awo anagwira zolimba pazigwiriro za pulawo.

Tinafika, ndipo kunali zii. Magoli anali paliponse, anthu akulima, koma chomveka chinali malikhweru, matcheni, ndi amuna akutukwana ng'ombe zawo ndi pakamwa pokha. Ng'ombe zozolowera kumenyedwa zinkayenda ngati zikupita kuukwati. Ya mkulu wa ngolo uja inali itagona pakati pa mzere, iye atagwada pambali pake, akuipempha ngati akupempha mpongozi.

Amalume ananong'ona, ine ndinakuwa. Sajeni ndi Kopolo anakoka, pulawo inaluma, dothi lofiira linatembenuka likufuka. Amayi ankabwera kumbuyo akuponya mbewu n'kukwirira ndi phazi. Kumapeto kwa munda ndinakuwa "abautani", ndipo ng'ombe zinatembenuka zokha, bwinobwino, anthu onse akuona. Mzere umodzi uja unakhala iwiri. Nsapato za ulendo zinalemera ndi matope, amalume anazivula n'kuziponya pachulu. Dzuwa litafika pamutu ndinamva kumbuyo kwanga mawu achilendo, okhuthala, akuti "holoti". Sanali anga. Ng'ombe zinaima, inenso ndinaima.

Tikumasula goli, ndinakuwira mkulu wa ngolo uja kuti, "Mwaona? Mwayamba kutengera ife." Iye anapukuta thukuta, nayang'ana kwa amayi, kenaka kwa ine. Anati, "Inde bwana, tatengera inu."

Amalume anayenda m'mphepete mwa munda, manja kumbuyo, ngati mkulu woyendera perete. Anabwerako nkhope itakwinyika. Anati mizere yakhota ngati njira ya woledzera, Kopolo amakokera kumanzere, ndipo mwana uyu amakuwa lamulo lisanakwane. Munthu sangachoke n'kusiya manyazi otere m'munda mwa mlongo wake. Aona kaye mpaka kupalira. Amayi anayankha kuti zili kwa iwo, n'kuwerama kutola nsengwa, ndipo anachedwa kuweramuka.

Kupalira kutatha amalume anati aona kaye mpaka kukolola. Basi ya ku Lusaka sanaikwere, kufikira tinawaika m'manda a kwathu ali ndi imvi ndi zidzukulu. Sindinganame kuti anachira kotheratu. Bingu linkawapezabe, ndipo masiku ena ankakhala chete kuyambira m'mawa. Koma ankadziwa kopita zikawagwira, ndipo ife tinkadziwa kuwasiya kapena kuwakhala pafupi.

Mlungu wonse wa kulima uja chikwapu sichinalire kumunda. Ine ndinazungulira mudzi ndikudzitama kuti nzeru za amalume ndi mawu anga zagonjetsa amuna onse a ndevu. Chimene chinkandinyansa chaka chimenecho chinali chimodzi. Nthawi yobzala nshawa, mtedza uja, itakwana, amayi anangobzala kachigawo kakang'ono ngati mphasa, pamene zaka zonse tinkadzaza munda wa kuchulu. Ndiwo zinakhala zopanda nsinjiro. Nditafunsa kuti mbewu yathu yapita kuti, anati makoswe adya.

Ndinadzamva ndili ndi ana kale, kwa mkulu wa ngolo uja atakalamba, kuti mitambo itayamba kusonkhana amayi anayenda khomo ndi khomo, paliponse pamene panali goli, ndi mbale ya nshawa yovundikira. Ankagwada pamaso pa amuna, ena ang'ono kwa iwo, kupempha kuti zikwapu zikhale kudenga mpaka kulima kuthe, ndi kuti mlongo wawo asadzamve.

Ine panthawiyo ndinakwiyira makoswe. Ndinatchera misampha kuzungulira nkhokwe yonse, ndinaitana anzanga kuti adzaone mmene msilikali amagwirira mbala, ndipo m'mawa uliwonse wa dzinja limenelo ndinkathamanga kukayendera, n'kumadabwa kuti makoswe odya thumba lathunthu akanika bwanji kusiya ngakhale khoko limodzi pansi.